Ndere za Sphagnum ndi mfuko ya kumapiri a Bale: mafunso ndi mayankho

Chimodzi ndi chomera chopanda mizu ndiponso chopanda maluwa, chimene chimayala madambo a kumayiko ozizira. Chinacho ndi nyama yaubweya, ya mano aakulu, imene pafupifupi moyo wake wonse imakhala mu una. Poziona palibe pamene zafanana. Koma zikaikidwa pamodzi zimaunikira nkhani imene ambiri timaimva mopereweza: tikamanena kuti chamoyo chili pangozi yakutha, timakhala tikuyeza chiyani kwenikweni, nanga n'chiyani chimene muyesowo umachisiya kunja?

Kodi tikunena za ndere ziti, nanga mfuko yake ndi iti?

Nderezi ndi za mtundu wa Sphagnum. Si zija zoterera zimene zimayandama pamadzi osayenda kapena kumata pamiyala ya mumtsinje ayi. Izi ndi tizomera tenitweni, tokhala ndi katsinde ndi timasamba, tomera mothithikana mpaka dambo lonse kuphimbika. Ilipo mitundu pafupifupi 380, ina yobiriwira, ina yofiira, ina yachikasu. Yambiri ili kumpoto kwa dziko lapansi, ku Siberia, Canada, Finland, Scotland ndi Ireland. Kum'mwera imapezeka ku Chile, Argentina, New Zealand ndi Tasmania, ndipo mu Africa ili m'mapiri ataliatali monga a Rwenzori.

Mfuko yake ndi ija akatswiri amaitcha Tachyoryctes macrocephalus, yamutu waukulu, ya m'gulu limodzi ndi mbewa ndi makoswe. Yaikulu imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Katswiri wa ku Germany, Eduard Rüppell, ndiye anailemba m'mabuku a sayansi mu 1842. Padziko lonse lapansi imapezeka malo amodzi okha: pamwamba pa mapiri a Bale, kum'mwera chakum'mawa kwa Ethiopia, pamtunda wa mamita kuyambira 3,000 mpaka kupitirira pang'ono 4,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere.

Nanga chomera ndi nyama n'kuzifanizira pati?

Pa ntchito yake. Zamoyo zambiri zimapeza malo okonzeka kale n'kukhalapo. Ziwirizi zimadzikonzera zokha malowo, ndipo zina zonse za pamalopo zimakhala motsatira mmene izi zakonzera. Ndere zimamanga nthaka kuchokera pansi kukwera m'mwamba, pounjika matupi ake akufa. Mfuko imatembenuza nthaka, kutulutsa ya pansi n'kuitaya pamwamba. Ndere zimatseka mpweya kuti usalowe pansi, mfuko imautsegulira njira. Njira zake n'zotsutsana, koma zonse ziwiri zikachoka pamalo, malowo amasanduka china.

Chomera chopanda mizu chimamwa bwanji madzi?

Chimamwa ndi thupi lonse. Mukaika katsamba kamodzi ka Sphagnum pa makina oonera tinthu tating'onoting'ono, mumaona maselo a mitundu iwiri. Ena ndi opyapyala, obiriwira, amoyo, ndipo ndi amene amapanga chakudya pogwiritsa ntchito dzuwa. Pakati pawo pali ena aakulu, akufa, opanda kanthu m'kati, okhala ndi timabowo m'mbali. Akufawa ndi amene amatunga madzi n'kuwasunga. N'chifukwa chake ndere zouma zimatha kumwa madzi olemera kuwirikiza pafupifupi ka 20 kulemera kwake. Mukazula dzanja limodzi n'kufinya, madzi amachucha ngati mwafinya siponji, ndipo zotsala m'manjamo zimapepuka n'kuyererako.

Kumera kwake n'kwa kunsonga kokha. Kamutu kapamwamba kamakulabe chaka ndi chaka, pamene kumunsi, kumene dzuwa silifika, tsinde limafa. Palibe malire oonekeratu osonyeza pamene chomera chathera ndi pamene nthaka yayambira. Mukatsatira katsinde kamodzi ndi chala, kobiriwira kamasanduka kotuwa, kotuwa kamasanduka kodera, kenako mwafika m'dothi lakuda lonyowa lotchedwa peat.

N'chifukwa chiyani zakufazo siziola monga masamba ena onse?

Apa ndi pamene pagona mphamvu ya chomerachi. Kuola kumafuna tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo tizilomboto timafuna mpweya wa okosijeni, chakudya ndi malo osawawasa. Ndere zimatimana zonsezi. Zimasunga madzi ochuluka moti mpweya sulowa pansi. Zimayamwa timchere tochepa timene tili m'madzimo, monga calcium ndi magnesium, n'kubwezeramo asidi, moti madzi a dambo lotere amawawasa kufika pa 4 kapena kutsikirapo pa muyeso wa kuwawasa wotchedwa pH, umene nambala ikamatsika ndiye kuti kuwawasa kwakula. Kuwonjezera apo, matupi ake enieniwo ndi ovuta kuwoletsa. Mitengo ndi udzu wambiri zimalephera kumera pamalo otere, choncho ndere zimatsala ndi dambo lonse popanda wolimbana nazo.

Zakufazo zimangounjikana, pafupifupi milimita imodzi pachaka. Chiwerengero chimenechi musachiiwale, pakuti nkhani yonse yatsamira pamenepa. Peat wozama mita imodzi ndi ntchito ya zaka pafupifupi 1,000. Madambo ambiri a kumpoto anayamba kuunjika madzi oundana atasungunuka, zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, ndipo ena ndi ozama mamita asanu kapena khumi.

Umboni woti m'menemo zinthu siziola ulipo wochititsa nthumanzi. Mu 1950, anthu odula peat pafupi ndi Silkeborg ku Denmark anapeza mtembo wa mwamuna, nkhope yake ili bwinobwino, tindevu tikuoneka pachibwano, chipewa chachikopa kumutu, chingwe m'khosi. Anaitana apolisi poganiza kuti waphedwa chaposachedwa. Munthuyo, amene tsopano amatchedwa wa ku Tollund, anali atagona m'dambomo zaka pafupifupi 2,400. Mphamvu yomweyo yomwa madzi ndi yoletsa tizilombo ndi imene inachititsa kuti pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, thonje litasowa, ndere zouma zizimangidwa pamabala a asilikali.

Nanga mfuko ya ku Bale imakhala bwanji kumtunda kozizira chonchija?

Pachidikha cha Sanetti, pafupi ndi nsonga ya Tullu Dimtu imene ndi yotalika mamita 4,377, masana dzuwa limaswa mtengo koma usiku, makamaka m'chilimwe, pansi pamagwa chisanu choundana. Mitengo kulibe. Kuli udzu waufupi, tizitsamba tokwawa ndi mphepo.

Mfuko zambiri za padziko zimadya mizu ndi zikhawo zili m'kati mwa nthaka, ndipo maso ake ndi aang'ono kwambiri, ena ochita kubisika. Iyi n'njosiyana. Imadya masamba ndi udzu wa pamwamba, makamaka tizitsamba ta mtundu wa Alchemilla. Imakumba njira pansi mpaka pamene pali msipu, n'kuboola. Imayamba yasuzumira. Maso ake ali pamwamba penipeni pamutu, choncho imaona mbali zonse thupi likadali m'dzenje. Ikaona kuti kuli bata imatuluka theka, miyendo yakumbuyo ili kukamwa kwa una, n'kumwetula udzu wapafupi ndi mano, kuukokera m'kati chobwerera. Udzu wozungulira bowolo ukatha, imalitseka ndi dothi n'kukaboola pena. Mukawonkhetsa nthawi yonse imene imakhala kunja, ndi pafupifupi ola limodzi patsiku. Dzuwa likamapendeka imatseka makomo onse kuti chisanu chisalowe, n'kukagona m'chisa cha udzu.

Iliyonse imakhala yokha mu una wakewake. Koma pamene zachuluka, nthaka yonse imakhala mabowo ndi milu ya dothi, ndipo pakapita zaka zambiri pamatukuka timitunda tozungulira. Mbewa zina za kumapiriko zimalowa m'mauna amene mfuko yasiya.

Anthu anaidziwa kalekale. Pathanthwe la Fincha Habera, m'mapiri a Bale momwemo, pamtunda wa mamita pafupifupi 3,500, akatswiri ofukula zakale anapeza mafupa ambiri owauka a mfuko imeneyi, ndipo mu 2019 analengeza kuti anthu ankakhala pamenepo zaka zapakati pa 47,000 ndi 31,000 zapitazo. Nyama imeneyi ndi imene inkawasunga kumtunda kouma chisanu kuja.

N'chifukwa chiyani ndere zili pafupifupi dziko lonse pamene mfukoyi ili pamalo amodzi?

Ndere zimayenda ndi mphepo. Zilibe mbewu monga za zomera zamaluwa, koma tinjere tonga fumbi tokhala m'kabotolo kakang'ono kakuda pansonga. Kabotoloko kakauma padzuwa kamafota, mpweya wa m'kati umapanikizika, kenako kachivindikiro kamaphulika n'kuponya fumbilo masentimita 10 kapena 20 m'mwamba, pamene kamphepo kangalinyamule. Komanso kachidutswa kalikonse kothyoka kamatha kuphuka n'kukhala chomera chatsopano.

Mfuko imayenda ndi mano, kukumba pang'onopang'ono. Kutsika phiri singathe, chifukwa kumunsi kuli nkhalango ndi minda, osati msipu waufupi umene inazolowera. Kukwera nako kuli ndi polekezera.

Kodi mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi umati chiyani pa ziwirizi?

Mndandandawu umasungidwa ndi bungwe la IUCN, loona za kuteteza zachilengedwe padziko lonse, limene likulu lake lili ku Gland, m'dziko la Switzerland, ndipo unayamba mu 1964. Mtundu uliwonse wa chamoyo umene wafufuzidwa umapatsidwa zilembo. LC ndi wosadetsa nkhawa, NT ndi woyandikira ngozi, VU ndi wosatetezeka, EN ndi umene uli pangozi, CR ndi umene uli pangozi yoopsa, ndipo EX ndi umene unatheratu. Poika zilembozi amaona kuchuluka kwake, kukula kwa dera limene umapezeka, ndi liwiro limene ukucheperachepera.

Mfuko ya ku Bale ili pa EN. Chifukwa chachikulu n'chakuti dera lake ndi laling'ono, ndipo laling'onolo likuwonongeka.

Za ndere sizingayankhidwe ndi mawu amodzi, poti ndi mitundu mazana. Mitundu yofala, monga Sphagnum palustre, inaikidwa pa LC pamene akatswiri anafufuza ndere zonse za ku Ulaya ndi abale ake mu 2019, ngakhale kuti kafukufuku yemweyo anapeza kuti mitundu yoposa 20 pa 100 iliyonse ya gulu lonselo ili pangozi. Pa mndandanda wa dziko lonse, nyama zoyamwitsa pafupifupi zonse zinafufuzidwa, koma ndere zofufuzidwa n'zochepa zedi. Nyama yokhala ndi maso ndi ubweya imapeza oilankhulira msanga kusiyana ndi kachomera kamene munthu amakaponda osakaona.

Ndiye kuti ndere zili bwino, nkhawa ikhale pa mfuko yokha?

Ayi, ndipo funso limeneli ndi limene landichititsa kulemba zonsezi. Zilembo zija zimayankha funso limodzi lokha: kodi mtundu uwu ungatheretu padziko? Pa funso limenelo, ndere zofala zilidi bwino. Ngakhale dziko lina litaumitsa madambo ake onse, Sphagnum palustre idzapezekabe m'mbali mwa ngalande, m'nkhalango zonyowa, ndi ku Siberia. Chilembo chake sichingasinthe.

Koma phindu la nderezi silili pa kupezeka kwa kachigamba kamodzi kwinakwake. Lili pa dambo lathunthu, lozama, lonyowa, limene likuunjikabe. Dziko la Germany linaumitsa madambo ake a peat oposa 90 pa 100 alionse. Ku Netherlands ndi ku Ireland madambo aakulu anadulidwa n'kuwotchedwa monga nkhuni kwa zaka mazana. Mitundu ya ndere inapulumuka, koma chimene inamanga pa zaka zikwizikwi chinapita. Mndandanda wowerenga mitundu sungaonetse imfa yotere, ndipo si kulakwa kwake, poti sunapangidwire zimenezo. Kulakwa kumakhala kwa ife tikawerenga LC n'kumva ngati akuti palibe vuto.

Mukandifunsa chimene chingathe msanga, ndinena mfuko, mosakayika. Mukandifunsa chimene kuwonongeka kwake kukukhudza anthu ambiri lero lino, ndinena dambo la ndere.

Chikuwononga madambowa n'chiyani?

Choyamba ndi ngalande. Munthu akakumba ngalande kuti alime, adyetse ng'ombe kapena adzale mitengo, madzi amatsika, mpweya umalowa, ndipo kuola kumene kunaimitsidwa kwa zaka zikwi kumayamba. Nthaka imafwa n'kumatitimira chaka ndi chaka. Chachiwiri ndi kudula peat, kale kwambiri kaamba ka moto, masiku ano makamaka kuti agulitsidwe m'matumba monga dothi lofeseramo mbande ndi maluwa. Ku Chile ndi ku New Zealand amakololanso ndere zamoyo zenizenizo n'kuzitumiza kunja. Palinso utsi ndi feteleza wouluka ndi mphepo, zimene zimagwetsa nitrogen m'dambo. Ndere zinazolowera njala, ndiye chakudya chikachuluka udzu ndi zitsamba zimakula n'kuziphimba. Peat wouma amayakanso moto, ndipo motowo umanyeka pansi pa nthaka kwa milungu kapena miyezi, wovuta kuzimitsa.

Nanga mfuko ikuvutika ndi chiyani, poti ili m'malo otetezedwa?

N'zoona kuti malo ake ambiri ali mu Bale Mountains National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1970 ndipo UNESCO, nthambi ya bungwe la United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2023. Koma malire a pamapu saletsa ng'ombe. Abusa a mtundu wa Oromo akhala akukweza ziweto zawo kumapiriko nyengo zina kuyambira kale. Chimene chasintha n'chakuti anthu ndi ziweto achuluka, malo odyetsera kumunsi asanduka minda, ndipo ena tsopano amakhala kumtunda chaka chonse. Ziweto zikapitirira muyeso zimadya msipu womwewo umene mfuko imadalira, n'kupondaponda nthaka yonyowa ya m'mbali mwa madambo, kumene mfuko zimakonda kukhala m'chilimwe. Minda nayo ikukwera phiri. Ndipo dziko likamatentha, zomera za kumunsi zimasunthira m'mwamba, dera la msipu waufupi n'kumapanikizika.

Zitatha, ndani winanso angavutike?

Ku Bale woyamba kuvutika ndi mmbulu wofiira wa ku Ethiopia, umene nawonso uli pa EN. Yatsala pafupifupi 500 yokha, ndipo yoposa theka ili ku Bale komweko. Mosiyana ndi mimbulu ina, uwu umasaka wokhawokha, ndipo nyama yake ndi mbewa ndi mfuko. Umanyang'ama mimba ili pansi, kudikira kuti mutu utuluke pabowo, n'kudumpha. Mfuko imodzi imaposa mbewa zingapo, choncho kumene mfuko zachuluka n'kumenenso mimbulu yachuluka. Mimbuluyi ili kale ndi mdani wina, chiwewe chochokera kwa agalu a abusa, chimene chinapha yambiri mu 1991 ndi mu 2003. Kuichotseranso chakudya kungakhale kuimaliza.

Za madambo a peat zimakhudza aliyense wopuma mpweya. Madambowa amaphimba malo okwana 3 pa 100 alionse a mtunda wa dziko lapansi, koma kaboni amene asunga amaposa wa m'mitengo ya nkhalango zonse pamodzi. Akauma, kaboniyo amatuluka monga mpweya wa carbon dioxide. Madambo owonongeka okha amatulutsa magawo 4 kapena 5 pa 100 alionse a mpweya wotenthetsa dziko umene anthu amachititsa. Palinso zomera zimene zinazolowera madzi owawasawo, monga Drosera, kamene kamagwira tizilombo ndi timasamba tomata kuti kapeze chakudya chimene dambo silipereka.

Kodi mfuko zonse zili pangozi?

Ayi ndithu. Mbale wake wapafupi, Tachyoryctes splendens, ali ponseponse m'mapiri a kum'mawa kwa Africa, ali pa LC, ndipo alimi amamuona ngati mdani wa mbewu. Mfuko yopanda ubweya ya ku Kenya, Ethiopia ndi Somalia, ija imakhala m'magulu okhala ndi yaikazi imodzi yobereka ndipo imatha kukhala ndi moyo zaka zoposa 30, nayonso ili pa LC. Kukhala pansi pa nthaka pakokha si ngozi. Ngozi ya mfuko ya ku Bale ndi kukhala ndi kwawo kumodzi kokha.

Kodi peat yense amachokera ku ndere?

Ayi. Wa kumayiko otentha amachokera makamaka ku mitengo ndi masamba a m'nkhalango zamadzi. Ndi mmene alili wa ku Indonesia, amene anayaka koopsa mu 1997 ndi mu 2015, ndiponso wa m'chigwa cha mtsinje wa Congo, amene kukula kwake kunadziwika bwino mu 2017. Lamulo lake ndi limodzimodzi: akhale wonyowa.

Kodi zowonongekazi zingabwezeretsedwe?

Dambo limatheka, koma theka lokha la nkhani. Ntchito yoyamba ndi kutseka ngalande kuti madzi akwerenso. Zikatero kuola kumachepa msanga, ndipo phindu limeneli lokha n'lalikulu. Ku Canada, akatswiri a pa Université Laval anakonza njira yomwaza tizidutswa ta ndere zamoyo pamalo amene peat anadulidwa, n'kuphimba ndi mapesi kuti tisaume, ndipo pakapita zaka zingapo pansi pamabiriwiranso. Ku Germany ena akuyesa kulima ndere m'minda yonyowa kuti azikolola m'malo mokumba peat. Ku Ireland, kampani ya boma ya Bord na Móna inalengeza mu 2021 kuti yasiyiratu kudula peat. Ku Scotland, dambo lalikulu la Flow Country linalowa pa mndandanda wa UNESCO mu 2024. Pangano la Ramsar la mu 1971, loteteza madambo, ndi limene mayiko ambiri amatsamira pochita zoterezi. Koma chimene chimabwerera m'zaka khumi ndi chophimba chapamwamba. Mamita a peat amene anadulidwa adzabwerera pa liwiro lomwe lija la milimita imodzi pachaka.

Mfuko ilibe njira yachidule yotere. Simungaimwaze ngati tizidutswa ta ndere, ndipo phiri lina lofanana ndi Bale loti muisamutsireko kulibe. Chotheka ndi kusunga msipu umene ulipo, ndipo izi zikutanthauza kukhala pansi ndi abusa, kugwirizana za miyezi yodyetsera, za kuchuluka kwa ziweto, ndi za madambo ofunika kuwapewa. Kuwathamangitsa kokha sikungathandize, chifukwa munthu amene alibe kwina kodyetsera ng'ombe zake adzabwerera usiku. Abusawo nawonso ali ndi chifukwa chosamalira mapiriwo: mitsinje ya Wabe Shebelle, Web ndi Genale imalandira madzi ochokera kumeneko, ndipo anthu mamiliyoni a kumunsi, mpaka ku Somalia, amamwa ndi kuthirira madzi ake.